Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro pa nkhani ya chimangirizo cha mtsutso

Olemekezeka a Nduna ya Maphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a bungwe lokonza maphunziro la MIE ku Domasi, ndi akuluakulu a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB ku Zomba,

Ndikupereka moni kwa inu nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu pa ntchito yolemera imene mtundu unakusenzetsani. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi kuno. Ndasankha kulemba poyera chifukwa chimene ndikudandaula si cha sukulu yathu yokha, komanso chifukwa makolo amene amadzimana kuti agulire ana awo makope ndi zolembera ayenera kumva zimene aphunzitsi timakambirana tikakumana pochonga mayeso. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndikupempha kuti mundimve motero.

Ndiyambe ndi kuyamika. M'silabasi ya Chichewa ndi ya Chingerezi muli chimangirizo cha mtsutso, chimene mwana amapatsidwa mutu n'kuuzidwa kuti avomereze kapena atsutse popereka zifukwa. Amene anachiikamo anaona patali, pakuti mwa zimangirizo zonse ichi ndi chimene munthu amachifuna kwambiri akatuluka m'sukulu, kaya akulemba kalata yodandaula kwa bwanamkubwa, kaya akuyankhula pa msonkhano wa chitukuko cha mudzi, kaya akumvera wandale amene akufuna voti yake. Dandaulo langa ndi lakuti luso limeneli timalifunsa pa mayeso koma sitikuliphunzitsa, ndipo ana athu akumaliza Fomu 4 ataloweza mfundo za anthu ena, osadziwa kupima mfundo imene wina wawauza kapena kumanga yawoyawo.

Dandaulo loyamba likukhudza kuloweza kumeneku. Mukapatsa ana mutu wakuti kuotcha makala kuthetsedwe, makope ambiri amabwera ndi mawu amodzimodzi, ndipo ndime yake imayenda motere: makala ndi oipa chifukwa amawononga chilengedwe, chilengedwe chikawonongeka dziko silitukuka, choncho makala ndi oipa. Pamenepa mwana sanapereke chifukwa chilichonse. Wangobwereza mutu katatu, n'kuikapo “choyamba”, “chachiwiri” ndi “pomaliza” kuti ndime zioneke zadongosolo. Sanatchule phiri la kwawo limene latha mitengo, kapena mtsinje umene kale unkafika nawo madzi mu Okutobala koma lero umauma anthu asanamalize kukolola, kapena matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Choposa zonse, sanadzifunse n'komwe chifukwa chimene munthu wanzeru zake amakankhira njinga ya matumba a makala usiku wonse kulowera m'tauni, akudziwa bwino kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 ndipo akhoza kulandidwa njinga ndi katundu yemwe.

Mtsikana wina m'kalasi langa analemba mosiyana ndi anzake pa mutu womwewu. Anayamba ndi kuvomereza kuti nkhalango ikutha ndipo anatchula malo amene amayi ake ankatolako nkhuni ali mwana, amene lero ndi chipala. Kenaka ananena poyera kuti ndalama imene imamugulira yunifomu imachokera ku uvuni wa makala wa bambo ake, nafunsa kuti anthu a m'tauni adzaphikira chiyani makala akaletsedwa lero, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi. Anamaliza ndi kunena kuti kulanga wootcha yekha kumangosamutsira malondawo usiku, ndipo kuti boma liyambire kwa wogula pochepetsa mtengo wa gasi ndi magetsi, komanso kupereka ziphaso kwa ootcha makala a mitengo yodzala okha. Tikuchonga mayeso oyeserera pamodzi ndi aphunzitsi a sukulu zoyandikana nafe, pepala lake linatigawanitsa. Ena anati sanaonetse mbali imene ali chifukwa anavomereza mfundo ya mbali ina, ndipo anati mfundo zake sizinali pa mndandanda wa mayankho umene tinagwirizana. Mnzake amene analoweza mfundo zisanu za m'pamfuleti yogula pamsika anapeza malikisi ochuluka kuposa iye. Mwana akaona zotere safunikanso kuuzidwa chochita pa mayeso otsatira.

Dandaulo lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu, ndi lakuti ana athu alibe zolemba zamtsutso zoti awerenge. M'phunziro la zolembedwa timawerenga nawo nthano, nkhani zazifupi, ndakatulo ndi zisudzo, ndipo zimenezi ndi zabwino, koma nkhani imene munthu analemba n'cholinga chosintha maganizo a anzake pogwiritsa ntchito zifukwa ndi umboni, mwana wa pa sukulu yoyendera akhoza kumaliza zaka zinayi osaiona. Tikumuuza kuti aphike nsima asanaonepo wina akuvundula. Chomvetsa chisoni n'chakuti dziko lino si losauka pa zolemba zotere, popeza pa nthawi zimene mbiri yathu inatembenuka, panali anthu amene anakhala pansi n'kulemba mfundo zawo.

Mu Novembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Sanatukwane munthu. Anakumbutsa boma la atsamunda kuti anthu akuda a dziko lino anali atalimenyerapo kale nkhondo m'maiko ena, kenaka anafunsa chimene anthuwo adzapindule pokhetsa magazi awo pa nkhondo imene siinali yawo, pamene pa nthawi ya mtendere zabwino zonse zinkapita kwa azungu, ndipo wakuda akafa ankangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa umphawi. Boma linaitsekereza kalatayo chifukwa linaona mphamvu yake. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu ndipo timapumula pa 15 Januwale pomukumbukira, ana amaloweza chaka cha 1915 m'phunziro la mbiri yakale, koma ndi angati amene anawerengapo ndime imodzi ya kalatayo n'kufunsidwa kuti mfundo yake yaikulu ndi iti, umboni wake ndi uti, ndipo bwanamkubwa wa nthawi imeneyo akanayankha bwanji? Chimodzimodzi zikalata zimene mabungwe a eni dziko, kuyambira ndi la North Nyasa Native Association limene linayamba mu 1912 ndipo Levi Mumba anali mlembi wake, ankalembera boma pa nkhani za sukulu, msonkho ndi malo. Anthu amenewa analibe mfuti kapena voti, anali ndi pepala ndi zifukwa.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, imene inatuluka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za kuthithikana kwa ana m'makalasi, za zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ndi za mantha amene anthu anali nawo poyankhula. Inalembedwa mofatsa, mwaulemu, mfundo ndi mfundo, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene kunachititsa kuti ikhale yovuta kuiyankha. Boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, komabe pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu n'kusankha ulamuliro wa zipani zambiri. Munthu safunika kukhala Mkatolika kuti aone kuti kalata imeneyi ndi chitsanzo cha kalembedwe kokopa kamene mwana aliyense wa dziko lino ayenera kukasanthula m'kalasi, ndipo ili kale m'Chichewa.

Chitsanzo cha posachedwa tonse tinachimva ndi makutu athu. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 chothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndipo anthu m'misika, m'maminibasi ndi m'midzi anakhala pa wailesi tsiku lonse. Pa nkhani iliyonse oweruzawo ankanena zimene odandaula ananena, zimene oyankha anayankha, umboni umene unaperekedwa, ndi chifukwa chimene anaulandirira kapena kuukana. Kaya munthu anakondwa ndi chigamulocho kaya sanakondwe, dongosolo limenelo ndi lomwe timafuna mwana alitsate polemba chimangirizo cha mtsutso. Masamba awiri okha a chigamulocho, atafupikitsidwa ndi kumasuliridwa bwino, angaphunzitse zambiri kuposa pamfuleti yonse.

Pali ena amene angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya malikisi basi. Kuwerenga nkhani yokopa ndi maso ofunsa ndi chitetezo cha munthu, ndipo kusowa kwake kwatipweteka kale. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa khamu silinaime kufunsa kuti waona ndani, liti, ndipo umboni wake uli kuti. Mu Meyi 2021 boma linaotcha katemera wa Covid-19 woposa 19,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene mauthenga oopseza anthu za katemerayo ankayenda pa WhatsApp. Tsiku lililonse achinyamata amene anadutsa m'manja mwathu amalandira mauthenga olonjeza ntchito kunja, ngongole zosavuta ndi ndalama zochulukitsidwa, olembedwa mwaluso ndi anthu odziwa kukopa. Sindikunena kuti phunziro limodzi lingathetse zonsezi. Ndikunena kuti mwana amene wazolowera kusiyanitsa mfundo ndi umboni, kuzindikira pamene wolemba akumuopseza m'malo momupatsa chifukwa, ndi kufunsa chimene wolembayo apindule akakhulupiriridwa, sapusitsidwa msanga.

Dandaulo lachitatu ndi la nthawi ndi kuchuluka kwa ana. Kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ndi pamene sukulu zophunzira patali zija zinasandutsidwa sekondale zoyendera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ana ofika ku sekondale akhala akuchuluka, ndipo ichi ndi chinthu chonyaditsa. Koma luso lolemba limakula pokhapokha mwana alembe, wina awerenge, amuonetse pamene mfundo yake yafooka, iye alembenso. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphunzitsi amene ali ndi makalasi atatu a ana 90 kalasi lililonse ali ndi makope 270, ndipo ngati kope limodzi limutengera mphindi 10 kuti aliwerenge ndi kulembamo ndemanga yothandiza, ntchito imodzi yokha imudyera maola 45, kuwonjezera pa kuphunzitsa ndi kukonzekera. N'chifukwa chake m'malo ambiri ana amalemba chimangirizo kamodzi kapena kawiri pa teremu, chimabwerera ndi nambala yofiira pamwamba popanda liwu lililonse, ndipo mphunzitsi amapeza kuti njira yachidule ndi kulemba chimangirizo chake pa bolodi kuti ana akopere. Mphunzitsi ameneyu si waulesi, masamu a nthawi yake ndi amene akumukakamiza.

Pamwamba pa zimenezi pali chizolowezi chimene ndachiona m'sukulu zingapo, chakuti pogawa maphunziro kumayambiriro kwa chaka, Chichewa chimapatsidwa kwa aliyense amene watsala ndi mpata, poganiza kuti aliyense wochiyankhula angachiphunzitse. Palibe amene angachite zimenezi ndi masamu kapena sayansi.

Dandaulo lachinayi likukhudza chiyankhulo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, mwana sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, ndipo gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali ku Nyumba ya Malamulo. Sindikulimbana ndi Chingerezi, ana athu akuchifuna ndipo ayenera kuchidziwa bwino. Koma zotsatira zake m'sukulu n'zakuti kalabu ya mtsutso, kumene ilipo, imakhala ya Chingerezi chokha, ndipo amapambana ndi amene amatchula mawu akuluakulu mothamanga ngakhale mfundo zake zili zopanda kanthu, pamene mwana woganiza mozama amene Chingerezi chake chikadali chopunthwa amangokhala chete kumbuyo. Mwanayo amafika pokhulupirira kuti kuganiza kumachitika m'Chingerezi mokha.

Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo aliyense amene anakhalapo pa bwalo la amfumu akudziwa. Pa mlandu wa malire a munda, wodandaula amayala nkhani yake kuyambira pamene agogo ake anapatsidwa malowo. Woyankha asanayankhe, kawirikawiri nduna ya amfumu imabwereza zimene zanenedwa kuti onse avomereze kuti zamveka chimodzimodzi. Mboni zimaitanidwa, wina amafunsa kuti mtengo wa mango umene ukutchulidwawo anadzala ndani ndipo chaka cha njala iti, ndipo munthu amene wangobwera ndi mkwiyo popanda mboni amabwerera manja ali m'khosi. Ankhoswe pa nkhani ya banja amachita chimodzimodzi: amamva mbali zonse, amavomereza pamene m'bale wawo walakwa, kenaka n'kuteteza pamene akuona kuti ali ndi chilungamo. Kuyala mfundo, kubweretsa umboni, kumva mbali ina ndi kuiyankha ndi zinthu zimene ana athu amaziona kwawo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'ziyankhulo zina, koma sukulu siiwauza kuti luso limene likufunidwa pa pepala la mayeso ndi lomwelo. Mwana akaliphunzira bwino m'chiyankhulo chimene amaganiziramo, amalitenga n'kupita nalo ku Chingerezi, chifukwa chimene chatsala ndi kupeza mawu basi.

Dandaulo lachisanu ndi la mantha. Mitu imene ana amapatsidwa chaka ndi chaka ndi yozizira: moyo wa kumudzi ndi wa m'tauni wabwino ndi uti, mphunzitsi ndi dokotala wofunika ndani. Palibe mwana amene mtima wake umagunda pa mitu imeneyi, ndipo munthu salimbikira kufufuza umboni pa nkhani imene siikumukhudza. Pomwepo pali nkhani zenizeni zimene dziko lakhala likukambirana ndipo zikukhudza ana omwewo. Ndondomeko yolola atsikana amene anachembeza kubwerera kusukulu ilipo kuyambira 1993, koma makolo ndi aphunzitsi akadatsutsanabe za momwe iyenera kuyendera. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Palinso nkhani ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, imene mwana aliyense wa mlimi ali nayo maganizo. Aphunzitsi ambiri amaizemba mitu yotere poopa kunenedwa kuti akulowetsa ndale m'kalasi, ndipo mwana amene watsutsa maganizo a mphunzitsi, ngakhale mwaulemu, amatchedwa wamwano.

Gawo 34 ndi gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi maganizo ake ndi wowafotokoza, koma ufuluwo umapindulira amene anaphunzira kuugwiritsa ntchito. Timamva kawirikawiri za ophunzira amene aswa magalasi kapena kutentha nyumba za sukulu chifukwa cha chakudya kapena chilango chimene sanagwirizane nacho. Mchitidwe umenewu ndi woipa ndipo olakwa ayenera kulangidwa. Komabe ndi bwino kufunsa ngati anawo anaphunzitsidwapo kulemba dandaulo la tsamba limodzi lokhala ndi zifukwa, ndiponso ngati pa sukulupo pali munthu amene akanaliwerenga n'kuliyankha.

Popeza ndikudandaula kuti ana sayankha mbali ina, ndiyenera kuyankha zimene inu mungandiuze. Mukhoza kunena kuti vuto lalikulu lili pansi, kuti ana ambiri a pulayimale akuvutika kuwerenga chiganizo chimodzi, ndipo n'chifukwa chake boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016. Izi ndi zoona ndipo ntchito imeneyo ipitirire, koma mwana amene ali mu Fomu 3 lero sangadikire kuti mavuto a Sitandade 1 athe, ndipo posachedwa afika msinkhu wovota. Mukhozanso kunena kuti mayeso a dziko lonse amafuna mayankho ofanana kuti ochonga ambiri achonge mwachilungamo, ndipo kuti kupima kulimba kwa mfundo kungadalire mtima wa wochonga. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, komabe pali zinthu zimene ochonga awiri angazione mofanana: ngati mwana wanena mbali yake momveka, ngati mfundo iliyonse ili ndi chitsanzo kapena umboni, ngati watchula mfundo ya mbali ina mwachilungamo n'kuiyankha, ndiponso ngati mathero ake akuchokera pa zimene wanena. Za ndalama, zambiri mwa zimene ndikupempha pansipa n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kumanga chipinda chimodzi chophunziriramo.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha zotsatirazi.

1. Bungwe la MIE, mogwirizana ndi ofufuza za ziyankhulo a Centre for Language Studies ndi osunga zolembedwa zakale za dziko ku Zomba, likonze kabuku ka zolemba zamtsutso za m'dziko muno, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mukhale kalata ya Chilembwe, zigawo za kalata ya maepiskopi ya 1992, zigawo za zigamulo za makhoti, ndemanga za m'nyuzipepala, ndiponso nkhani ziwiriziwiri zotsutsana pa mutu umodzi kuti ana aone kuti anthu anzeru amatha kusiyana maganizo. Muikemonso zitsanzo za nkhani zokopa zabodza, monga mauthenga a mphekesera ndi malonda onyenga, kuti ana aphunzire kuzivundukula. Kabukuka kafike pa sukulu yoyendera iliyonse, osati pa sukulu zogonera zokha.

2. Bungwe la MANEB liunikenso kafunsidwe ndi kachongedwe ka chimangirizo cha mtsutso kuti kuloweza kusapindulitse. Njira imodzi ndi kupereka kankhani kakafupi kokhala ndi mfundo ndi ziwerengero, mwana n'kuyankha zimene wawerengazo, chifukwa yankho lotere silingagulidwe pamsika mayeso asanafike. Malikisi apadera aperekedwe kwa mwana amene wayankha mfundo ya mbali ina.

3. Malipoti a akuluakulu ochonga mayeso azifika m'manja mwa mphunzitsi aliyense chaka chilichonse, pamodzi ndi zitsanzo za zimangirizo zimene zinakhoza bwino, zapakatikati ndi zolephera, maina atachotsedwa, ndi kufotokoza chifukwa chimene chilichonse chinapezera malikisi amenewo.

4. Unduna uchepetse maphunziro ena kwa aphunzitsi a ziyankhulo poganizira nthawi yochonga, ndipo uuze aphunzitsi aakulu kuti Chichewa chiziphunzitsidwa ndi amene anachiphunzira. Makoleji a Domasi ndi Nalikule pamodzi ndi mayunivesite amene amasula aphunzitsi aonetsetse kuti wophunzira uphunzitsi aliyense walembapo yekha zimangirizo zamtsutso n'kudzudzulidwa, komanso waphunzira njira zothandizira kalasi lalikulu, monga kulembetsa ndime imodzi yolimba m'malo mwa masamba awiri, ndi kuphunzitsa ana kuchongerana motsatira mafunso omveka.

5. Pakhale mipikisano ya mtsutso ya m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina za m'dziko muno, yolemekezedwa mofanana ndi ya Chingerezi.

6. Unduna ukambirane ndi nyumba zosindikiza nkhani kuti nyuzipepala zotsala, makamaka masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe, zizitumizidwa m'sukulu za kumudzi. Nyuzipepala ya mwezi watha ndi yokwanira pophunzitsa kusanthula ndemanga.

7. Patuluke kalata yopita ku sukulu zonse yonena momveka kuti mphunzitsi ali ndi chilolezo chopereka mitu ya nkhani zenizeni za dziko malinga ngati mbali zonse zikumveka ndipo sakukopera ana chipani, ndiponso kuti wophunzira amene walemba dandaulo mwaulemu kwa mphunzitsi wamkulu asalangidwe, koma ayankhidwe molemba pa nthawi yoikika.

Ndikupemphanso aphunzitsi anzanga, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndi onse amene kalatayi iwafike kuti aikambirane pa misonkhano yawo, ndipo amene sakugwirizana nane alembe zifukwa zawo poyera kuti tizione. Kwa inu akuluakulu, ndikuyembekezera yankho lolembedwa lonena zimene mwavomereza, zimene mwakana ndi zifukwa zake. Likadzafika ndidzalitenga pamodzi ndi kalata ino kupita nazo ku Fomu 4, kuti ana akawerenge zonse ziwiri n'kulemba mbali imene yawakhutiritsa.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale yoyendera